Chitsime Chimadziwika Kuya Chikaphwa

Kumunsi kwa dimba la agogo kudali chitsime, pansi pa mkuyu waukulu. Tonse tidakulira madzi ake, koma pakati pa ife ana padalibe wodziwa kuti chidakumbidwa mpaka pati. Madzi ankakhala pafupi, ongotapa ndi chikho. Amayi atunge m'mamawa, ife titunge masana, atsikana achapire madzulo, kukacha chadzadzanso ngati sichidakhudzidwe. Chaka china mvula idadula msanga. Pofika Okutobala chikho chidaleka kufika, tidamangirira chitini kuchingwe, ndipo sabata iliyonse chingwecho tinkachilumikiza ndi china. Tsiku limene chitini chidakwera ndi matope okhaokha tidagwada m'mphepete n'kusuzumira. Tidaona miyala imene makolo adayala m'mbali, mizu ya mkuyu itatsikira pansi ngati zala, ndi timing'alu momwe madzi ankatumphukira zaka zonsezo ife osadziwa. Agogo adatiyang'ana nati, "Mwaona, adzukulu anga? Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa."

Mwambi umenewu ndidadzaumvetsa ndili wamkulu, ndipo chitsime chimene chidandiphunzitsa chidali nkhope ya azakhali anga.

Azakhaliwo ndi munthu wa chiseko. Ndiwo ankayambitsa nyimbo pachinkhoswe, ndiwo ankathamangira kuchingamira alendo. M'mawa wina wa mwezi wa Juni, kukuzizira, adadzuka ngati masiku onse. Posukusula, sopo adawalowa m'diso lakumanja chifukwa chikope chidakana kutseka. Adati mwina n'tulo. Pomwa tiyi, tiyiyo adachucha m'mbali mwa pakamwa n'kunyowetsa bulauzi. Mbatata idali zii mbali imodzi ya lilime. Mwana atagwetsa chivundikiro cha poto, phokoso lidawabaya m'khutu lakumanja ngati mfuti. Atatenga galasi adaonamo mlendo: theka la nkhope lidali lawo, theka linalo litagwa ngati la munthu ali m'tulo, pakamwa patakokedwera kumanzere.

Dzuwa lisanafike pamutu nkhani idali itazungulira mudzi. Ena ankati afiti awamenya khofi usiku. Ena ankanong'ona kuti alipo amene adamunenera zoipa, n'chifukwa chake pakamwa pakhota. Ena ankati ndi sitiroko, tingodikira kuti mkono ndi mwendo zitsatire. Azakhali adadzitsekera m'nyumba, mpango utaphimba pakamwa. Munthu amene chiseko chake chinkamveka kutsidya kwa mtsinje tsopano ankayankha moni ndi dzanja.

M'mawa mwake tidapita nawo kuchipatala. Adatilandira dokotala wachinyamata, ndipo zida zake zidali tochi, kathonje ndi chala chake basi.

"Mayi, tandiyang'anani. Kwezani nsidze ngati mwadabwa."

Kumanzere chipumi chidachita makwinya. Kumanja chidangoti see.

"Tsinzinani mwamphamvu."

Diso lakumanzere lidatseka. Lakumanja lidatsala pululu, mwanadiso n'kuthawira m'mwamba, poyera pokha kuoneka.

"Onetsani mano. Tupitsani masaya. Tulutsani lilime. Tsatirani chala changa ndi maso, mutu usatembenuke."

Adawakhudza ndi thonje pachipumi, patsaya ndi pachibwano, uku ndi uku, n'kufunsa ngati akumva chimodzimodzi. Adasuzumira m'khutu. Adawauza kuti akweze manja onse awiri, afinye zala zake, ayende mpaka pakhomo. Adawayeza BP ndi shuga. Kenako adakhala pansi nati, "Mayi, mtima m'malo. Iyi si sitiroko. Pali mtsempha umodzi umene watupa kuseri kwa khutu lanu, ndipo ambiri amachira."

"Nanga mwadziwa bwanji, adokotala, osandijambula?"

"Chipumi chanu chandiuza."

Chimene chipumi chidanena ndi ichi. Minofu ya pachipumi imalandira malamulo kuchokera kumbali zonse ziwiri za ubongo, pomwe ya m'masaya ndi pakamwa imalamulidwa ndi mbali imodzi yokha, ya tsidya lina. Sitiroko ikawononga mbali imodzi ya ubongo, kawirikawiri pakamwa pamagwa koma chipumi chimakwinyikabe, chifukwa mbali yotsalayo ikuchisamalabe. Koma ukavulala mtsempha weniweniwo, umene malamulo onsewo amadutsamo potuluka m'mutu, theka lonse la nkhope limagwa, kuyambira kutsitsi mpaka kuchibwano. Kusiyanitsa kumeneku si kwa pakhonde ayi. Nkhope ikagwa, munthu apite kuchipatala tsiku lomwelo, makamaka ngati mkono wafooka kapena mawu akukokeka.

Tsiku limenelo ndidasuzumira m'chitsime kachiwiri.

Chichewa chathu chili ndi liwu limodzi, mtsempha, la zinthu zitatu: njira ya magazi, chingwe cholimba chimene chimamangirira mnofu kufupa, ndi ulusi woyera umene umanyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi thupi. Pano tikunena wachitatuwu. Yambiri mwa mitsempha yamauthenga imatuluka m'msana, 31 mbali iliyonse. Koma ilipo ina imene simadzera kumsana. Imachokera pansi pa ubongo ndi patsinde lake, n'kutulukira m'timabowo ta pansi pa chigaza, 12 kumanja ndi 12 kumanzere. Kununkhiza, kuona, kuphethira, kutafuna, kumwetulira, kumva, kumeza, kuyankhula, zonsezi timatunga m'menemo tsiku ndi tsiku, osaganizako n'komwe.

Akuluakulu adati kudziwa mphafa za buluzi n'kung'amba, ndipo chiwerengero cha 12 chidapezeka ndi mpeni ndi kudekha. Galen, sing'anga wa ku Pergamum amene ankagwira ntchito ku Rome zaka zoposa 1,800 zapitazo, ankang'amba anyani, nkhumba ndi ng'ombe popeza mtembo wa munthu sunkaloledwa. Iye adawerenga isanu ndi iwiri mbali iliyonse, ndipo mawu ake adalamulira kwa zaka pafupifupi 1,500. Mu 1664 Thomas Willis wa ku Oxford adapeza isanu ndi inayi. Mu 1778 mnyamata wa zaka 23, Samuel Thomas Sömmerring, pomaliza maphunziro a udokotala ku Göttingen ku Germany, adalekanitsa ina imene anzake ankaiona ngati umodzi, n'kufika pa 12. Kawerengedwe kake ndi kamene ophunzira udokotala akuloweza mpaka lero. Komabe mpeni udangoonetsa njira zimene mitsemphayi imadutsa. Ntchito yake idadziwika makamaka kudzera mwa odwala, pamene umodzi waleka kugwira ntchito ndipo anthu aona chimene chasowa.

Woyamba ndi wa fungo. Denga la mphuno ndi kafupa kopyapyala, kobookabooka ngati sefa, ndipo timaulusi ta fungo timakwera m'timabowoto kulowa muubongo. M'mphuno mwa munthu muli mitundu pafupifupi 400 ya timisampha togwira fungo, zimene Linda Buck ndi Richard Axel adaunikira mpaka kulandira mphoto ya Nobel mu 2004. Njira ya fungo imathera pafupi ndi pamene ubongo umasunga zikumbukiro, n'chifukwa chake fungo la mvula yoyamba pafumbi limatha kukubwezera kumudzi kwanu uli pakati pa tauni. Munthu akagwa chagada n'kumenyetsa nkhongo, ubongo umagwedezeka ndipo timaulusi tija timatha kuduka pasefapo. Mu 2020 anthu miyandamiyanda adadzuka osamva fungo chifukwa cha Covid-19, ndipo m'pamene ambiri adazindikira kuti kukoma kwa ndiwo kwagona kwambiri m'mphuno. Timati tsoka silinunkha. Kwa munthu wotere ngakhale utsi, nsomba yoola ndi ndiwo zopserera sizinunkha, ndipo ngozi imamufika phee.

Wachiwiri ndi wa kuona, chingwe cha timaulusi toposa miliyoni imodzi kuchokera kuseri kwa diso lililonse. Umenewu kwenikweni ndi nthambi ya ubongo weniweniwo, ndipo ukafa suphukanso. Apa pali kusiyana kumene banja lililonse liyenera kudziwa. Ng'ala ili ngati chifunga pawindo: dokotala akaichotsa, munthu amaonanso. Glaucoma imadya mtsempha womwewo pang'onopang'ono, kawirikawiri popanda ululu, kuyambira m'mbali kulowera pakati, ndipo chimene yadya sichibwerera. Imagwira anthu akuda msanga ndiponso kwambiri kuposa azungu. Chitsime chimenechi chimaphwa mwakachetechete, mwini wake akutungabe, ndipo wochiona msanga ndi yekhayo amene amapita kukayezetsa maso asanayambe kudandaula.

Kuti diso litembenuke pamafunika minofu isanu ndi umodzi, ndipo imeneyi agawana ndi mitsempha itatu: wachitatu, wachinayi ndi wachisanu ndi chimodzi. Wachinayi ndi wowonda kuposa yonse, ndiponso ndi wokhawo wotulukira kumbuyo kwa tsinde la ubongo. Ukavulala, munthu amayenda atapendeketsa mutu, ndipo potsika chitunda amaona njira ziwiri. Wachitatu umakweza chikope ndi kuchepetsa mwanadiso kuwala kukachuluka. Ndiwo umene namwino amaufunsa akamaunika ndi tochi m'maso mwa mnyamata amene wagwa panjinga yamoto ya kabaza alibe chipewa. Mnyamatayo akhoza kudzuka, kusasa fumbi, kuyankhula bwinobwino, koma magazi akutayikira m'chigaza. Pakapita maola amayamba kusinza, ndipo magaziwo akakankha ubongo n'kupana mtsempha wachitatu, mwanadiso wa mbali imeneyo amakula osabwereranso ngakhale tochi imuwalire. Pamenepo mpeni wa dokotala ukuthamangitsana ndi imfa.

Wachisanu ndi chimodzi umakokera diso kunja, kumbali ya khutu. Ulendo wake pansi pa chigaza ndi wautali, choncho madzi a m'mutu akachuluka ndiwo umayamba kukokeka, diso n'kukhotera kumphuno, munthu n'kumaona zinthu ziwiriziwiri. Khoswe wa padenga adaulula wa padzala: diso lokhota limaulula vuto lobisika mkati. M'zipatala zathu izi zimaoneka kwa odwala matenda oumitsa khosi a cryptococcus, amene amagwira anthu omwe HIV yafooketsa kwambiri chitetezo chawo. Achibale ambiri amaopa akamva zopopa madzi a pamsana, amati akapopedwa sadzuka. Zoona zake n'zakuti madzi opanikiza aja akasiyidwa amapha mtsempha wa kuona, amagonthetsa makutu, amatenganso moyo. Kupopako ndiko kumapepuza mutu ndi kupulumutsa maso.

Kathonje kaja kankafunsa wachisanu, trigeminal, waukulu kuposa yonse. Uli ndi nthambi zitatu: ya pachipumi ndi diso, ya patsaya ndi mano a m'mwamba, ya pachibwano ndi mano a m'munsi. Ndiwo umamva kamphepo pankhope, ndiwo umayendetsa nsagwada potafuna chimanga chokazinga, ndiwonso dokotala wa mano amaugonetsa ndi jakisoni mpaka mlomo kuchita dzanzi. Malire a nthambi zake amaoneka ndi maso pa munthu wodwala mashingozi a kumaso: matuza amadzadza theka la chipumi n'kuima pakati penipeni ngati wina wajambula mzere. Amenewo akafika pamphuno, diso lili pangozi.

Mtsempha umenewu uli ndi nthenda yake yowawa koopsa. Ululu umabwera ngati mphezi patsaya kapena m'nsagwada, masekondi ochepa, n'kuchoka, n'kubweranso. Umadzutsidwa ndi zinthu zosaoneka ngati kanthu: kusukusula, kutsuka mano, kuseka, mphepo ya pawindo la minibasi. Odwala amaleka kudya, amaleka kusamba kumaso, ndipo ambiri amazulitsa mano abwinobwino limodzilimodzi poganiza kuti vuto lili m'dzino. John Fothergill wa ku London adailongosola bwino mu 1773. Nthawi zambiri gwero lake ndi kamtsempha ka magazi kamene kamagunda pamuzu wa trigeminal mpaka kusupula chikuto chake. Panado sathandiza. Amathandiza ndi carbamazepine, mankhwala omwe aja a khunyu, ndipo ena amachira ndi opaleshoni yolekanitsa mitsempha iwiriyo, imene Peter Jannetta wa ku America adaitchukitsa. Safunsa adadya phula, koma pano wofunika kufunsa ndi wozula mano: ululu wake ndi wotani, umabwera bwanji, umatha nthawi yaitali bwanji?

Lende n'kukankhana. Kachitsotso kakagwera m'diso, wachisanu umamva, wachisanu ndi chiwiri umatseka chikope, zonse m'kanthawi kosakwana kuganiza. Khate limatha kuwononga yonse iwiri: diso silimva kuti lalowa fumbi, chikope sichitseka, ndipo diso limauma, kuchita zilonda, mpaka kufa. Akhate ambiri akale amene tinkawaona ali akhungu adataya maso mwa njira imeneyi.

Wachisanu ndi chiwiri ndiwo udagwetsa nkhope ya azakhali. Usanafike pankhope umadutsa m'kanjira kopanikiza, kokhotakhota, ka masentimita pafupifupi atatu mkati mwa fupa la kukhutu. Ukatupa ulibe kofutukukira, umadzipana wokha ngati phazi lotupa m'nsapato yothina. Zachilendo zonse za m'mawa uja zidali nthambi za mtengo umodzi. Nthambi ina imanyamula kukoma kuchokera kutsogolo kwa lilime, n'chifukwa chake mbatata idali zii. Ina imapita kukamnofu kakang'onong'ono ka m'khutu kamene kamachepetsa phokoso, n'chifukwa chake chivundikiro chidalira ngati mfuti. Ina imalamula misozi, ina malovu. Nthendayi imatchedwa ndi dzina la Charles Bell wa ku Edinburgh, dokotala amene adalinso katswiri wojambula, ndipo adajambula asilikali ovulala pankhondo ya ku Waterloo mu 1815. Iye adadula mtsempha umenewu pa bulu n'kuona mphuno ya mbali imeneyo italeka kutukumuka popuma, ndipo mu 1821 adalengeza zimene adapeza.

Wachisanu ndi chitatu uli pawiri. Mbali ina imachokera m'kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, ndipo timaulusi take pafupifupi 30,000 timanyamula chilichonse kuyambira kulira kwa udzudzu mpaka kugunda kwa ng'oma. Mbali inayo imachokera m'timizere titatu tokhala ndi madzi, timene timauza ubongo mmene mutu ukutembenukira. Mayi wosenza ndowa pamutu, mwana kumbuyo, akuwoloka paulalo wa mtengo umodzi, akudalira mbali imeneyi. Ikasokonekera, dziko limazungulira ndi chizungulire. Amene adamwapo kwinini amakumbukira kulira kwa m'makutu. Majakisoni ena a chifuwa chachikulu, monga streptomycin ndi kanamycin, amapha timaubweya ta m'khutu timene timapatsira mtsemphawu mawu, ndipo ambiri adachira chifuwa n'kutsala ogontha. Mu 2018 bungwe la WHO lidalangiza kuti kanamycin asiyidwe pochiza TB yosamva mankhwala. Matenda oumitsa khosi nawonso amasiya ana ena osamva. Apa chilankhulo chathu chimatha kutipusitsa, chifukwa wosamva ndi mwana wogontha, wosamvanso ndi mwana wamwano. Alipo ana amene adakwapulidwa chifukwa cha mwano pamene chidaphwa ndi chitsime cha m'khutu.

Wachisanu ndi chinayi ndi wakhumi amagwirizana pakhosi. Kumeza n'chinthu chimene timachita kambirimbiri patsiku, koma nthawi iliyonse njira ya mpweya iyenera kutsekeka pa nthawi yake kuti chakudya chilowe njira yake. Wodwala sitiroko akamatsamwa ndi madzi, kapena mawu ake akamamveka ngati ali ndi madzi kukhosi akangomeza, chakudya chikulowera kumapapo. Womudwazika amukhazike tsonga, amupatse phala lolimbirako pang'onopang'ono, osamumwetsa atagona chagada.

Wakhumiwo ndiye mlendo woyenda kutali. Dzina lake, vagus, m'Chilatini limatanthauza woyendayenda. Umatsika m'khosi, kulowa m'chifuwa, kupereka nthambi kumtima ndi kumapapo, kuboola mpaka m'mimba, kufika kuchiwindi ndi m'matumbo. Tikanaganiza kuti ntchito yake ndi kutsitsa malamulo, koma mwa timaulusi take khumi tilitonse, pafupifupi tisanu ndi titatu timakweza uthenga kupita kumutu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, adatero makolo, ndipo wokauza ubongo kuti m'mimba mwavuta, mwakhuta kapena mukuchita nseru ndi vagus. Ndiwonso umagwira mtima kuti usathamange. Popanda iwo mtima umagunda pafupifupi ka 100 pamphindi ngakhale munthu atakhala chete, monga zimachitikira kwa amene adawaika mtima wa munthu wina. Ukagwira mopitirira, mtima umazilala, magazi amachepa kumutu, munthu n'kukomoka, monga timaonera pamaliro kapena pamzere wa ana asukulu dzuwa likuswa mtengo. Mu 1921 Otto Loewi wa ku Graz ku Austria adaika mitima iwiri ya achule m'madzi amchere. Adatakasa vagus wa mtima woyamba mpaka udayamba kugunda pang'onopang'ono, kenako adatapa madzi ake n'kuthira pa wachiwiri, nawonso udazilala. Apo padadziwika kuti mtsempha umayankhula ndi chiwalo potulutsa timadzi tamankhwala, ndipo mu 1936 iye ndi Henry Dale adalandira mphoto ya Nobel.

Nthambi imodzi ya vagus imandichititsa chidwi kuposa zonse. Kholingo lili pafupi ndi mutu, koma mtsempha wa mawu sulunjika pomwepo. Umatsika kaye, wakumanzere mpaka m'chifuwa, kuzungulira pansi pa mtsempha waukulu wa magazi wochokera kumtima, n'kukweranso kudzafika pakholingo. Pa nyamalikiti ulendo wozungulirawu umaposa mamita anayi. Galen uja ankasonkhanitsa akuluakulu a ku Rome, n'kumanga nkhumba ikulira mosweka, ndipo akangomanga kamtsempha kameneka ndi ulusi, nkhumba inkapitiriza kuphupha koma kulira kuli zii. Adaonetsa motero kuti mawu amalamulidwa ndi ubongo. Lero dokotala wochita opaleshoni ya chithokomiro amayamba waufunafuna mtsemphawu kuti asaudule. Ndipo munthu amene mawu ake asasa kwa milungu yoposa itatu popanda chimfine ayenera kuunikidwa, chifukwa chotupa cha m'chifuwa chikhoza kuyamba kudziulula pakholingo. Mawu a munthu amayamba adutsa pafupi ndi mtima asanatuluke pakamwa, ndipo ine ndimaona kuti mmenemo muli phunziro.

Iwiri yotsalayo ntchito yake ili poyera. Wa 11 umatembenuza khosi ndi kukweza mapewa, ndipo ukadulidwa mwangozi pochotsa mwanabere wa m'khosi, phewa limagwa, mkono n'kumakanika kukwera bwino. Wa 12 umayendetsa lilime. Ukafa mbali imodzi, lilime likatuluka limakhotera kumbali yodwalayo, ngati likuloza pamene pali vuto.

Zonsezi dokotala uja adazifunsa m'mphindi zosakwana khumi. Azakhali adawapatsa prednisolone wa masiku khumi. Mankhwala amenewa amaphwetsa chotupa, ndipo amathandiza kwambiri akayambidwa pasanathe maola 72. Kafukufuku wa ku Scotland wofalitsidwa mu 2007 adapeza kuti patatha miyezi isanu ndi inayi, 94 mwa odwala 100 alionse amene adamwa prednisolone adachiriratu, pomwe mwa amene sadamwe adachiriratu 82. Zengerezu adalinda kwawukwawu: tikadatha sabata tikufunafuna amene wawalodza, mpata umenewo ukadatidutsa. Koma chimene dokotala adatsindika kwambiri ndi diso. "Nkhope idikira, mayi, koma diso silidikira. Masana muzidonthezera mankhwala, muzivala magalasi chifukwa cha fumbi. Usiku muzipaka awa, mutseke chikope ndi chala, mumate ndi pulasitala."

Ntchito yomata diso usiku idali ya mdzukulu wawo wamkazi. Milungu inayi idatha popanda kusintha. Mlungu wachisanu, akupesa tsitsi, adaona kanyama ka m'mbali mwa mlomo kakunjenjemera pang'ono, ngati madzi oyamba kunyowetsa matope pansi pa chitsime. Adaitana nyumba yonse kuti idzaone. Mtsempha wovulala umamera pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi patsiku, ndipo nkhope idabwerera motero: chikope, kenako tsaya, potsiriza chipumi. Patatha theka la chaka adayambanso kuimba.

Kadatsala kachizindikiro kamodzi. Akayamba kudya, makamaka bwemba kapena mango osapsa, diso lakumanja limalengeza misozi. Pomeranso, timaulusi tina timene tinkapita kumalovu tidasochera n'kukathera kumisozi, choncho ubongo ukati malovu atuluke, diso ndi limene limayankha. Azakhali amangopukuta ndi nsonga ya chitenje n'kupitiriza kudya.

Nditawafunsa chimene chidawapweteka kwambiri m'miyezi imeneyo, sadatchule diso louma kapena tiyi wochucha. Adati, "Mwana wanga, anthu ankandipatsa moni akuyang'ana kumbali. Ine ndidali momwemo, ndikuseka mkati, koma chiseko chidalibe potulukira."

Mawu amenewa sandichoka. Nkhope ndiyo khomo limene timalandirirapo anzathu, ndipo timafulumira kuweruza munthu ndi zimene khomolo likuonetsa. Wokhota pakamwa timati walodzedwa kapena walangidwa. Wa diso lokhota timamuseka. Wogontha timamutcha wamwano, wosasa mawu timati ndi mowa, wogwira tsaya osafuna kuyankhula timati ndi wonyada. Pamene kuseri kwa zonsezi nthawi zambiri kuli kaulusi koyera, kena kowonda ngati ulusi wosokera, kamene katupa, kapanidwa kapena kaduka. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, pakuti ulusi womwewo uli m'mutu mwa aliyense wa ife, ndipo palibe adaulipira kapena kuupempha.

Chaka chija chitsime cha agogo chitaphwa, palibe adachitukwana kapena kufunsa kuti chidalakwira yani. Amuna adatsikamo ndi makasu kukachotsa matope nthawi isanathe. A kutsidya kwa dambo, amene chawo chidali chikadali ndi madzi, adatiuza kuti tizikatunga kwawo, ndipo sadatiwerengere ndowa. Ndi mmene tiyenera kuchitira ndi mnzathu amene chimodzi mwa zitsime khumi ndi ziwirizi chamuphwera: kuthamanga naye kwa odziwa kusuzumira, ndipo podikira kuti madzi abwerere, kumutungira m'chathu. Kumuyang'ana m'maso pomupatsa moni. Kumulawira ndiwo amene samva fungo. Kuyankhula moyang'anana ndi amene samva bwino. Kumumata diso usiku.

Mvula itabwera mu Disembala, chitsime chidadzadzanso mpaka chikho kufika. Madzi adali omwe aja, koma ife ana tidasintha katungidwe. Tinkanyamula ndowa mosamala kuti asatayike m'njira, chifukwa tidali titaona pansi pake. Chaka chatha pachinkhoswe cha mdzukulu uja, azakhali adaimirira n'kuyambitsa nyimbo, nsidze zili m'mwamba, masaya onse awiri atakwera, mawu akumveka mpaka kumsewu. Nsima itafika, diso lakumanja lidalengeza misozi monga mwa masiku onse. Mdzukuluyo adawapatsa kansalu, ndipo adaseka onse awiri.